NYALI ZA GALIMOTO ZIUNIKE MSEWU, OSATI MASO A ANTHU

Dzuwa likalowa mu mzinda wa Lilongwe, misewu ya ku Kawale, Biwi, Chinsapo, Area 23, Area 25 ndi Mgona imadzaza ndi anthu obwerera kwawo. Ena amayenda pansi, ena pa njinga zakapalasa, ena pa kabaza ndi m'maminibasi. Pakati pawo pamakhalanso anthu akumudzi amene abwera kudzagulitsa zokolola kapena kudzazonda odwala. Misewu yambiri ya m'madera amenewa ilibe magetsi ounikira, chotero moyo wa anthu onsewa umadalira nyali za galimoto ndi za njinga zamoto.

Masiku ano eni galimoto ambiri akuchotsa nyali zimene galimoto inabwera nazo ndi kuikamo zina zogula m'masitolo, makamaka mababu oyera a LED. Iwo amati nyali yowala kwambiri ndiyo yabwino. Koma nyali ingawale chotani, ikaloza molakwika imasanduka chida chovulazira anthu.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa chaka chilichonse pa ngozi za pamsewu, ndipo oposa theka la iwo ndi oyenda pansi ndi okwera njinga zakapalasa kapena zamoto. Kuno ku Lilongwe ovulala kwambiri amatumizidwa ku chipatala chachikulu cha Kamuzu Central, kumene wothyoka mwendo angagone masabata angapo, ntchito ya kumunda itaima.

Chimene chimachitika m'diso

Pakati pa diso pali kadontho kakuda kamene timati mwana wa diso. Mumdima kamakula kuti kuwala kulowe kokwanira. Nyali yamphamvu ikawomba m'maso mwadzidzidzi, kadonthoka kamachepa, ndipo nyaliyo ikadutsa diso limatenga kanthawi lisanazolowerenso mdima. Uku ndiko kuthobwa m'maso. Anthu achikulire ndi amene ali ndi ng'ala amachedwa kwambiri kuyambanso kuona.

Tsono taganizani. Galimoto yothamanga makilomita 50 pa ola imayenda mamita pafupifupi 14 pa sekondi imodzi. Dalaivala akathobwa m'maso kwa masekondi 3 okha, ndiye kuti wayenda mamita oposa 40 osaona kutsogolo. Ngati m'mamita amenewo muli mayi wosenza dengu kapena mwana wowoloka msewu, ngozi yachitika.

Chifukwa chake nyali imaloza molakwika

Nyali ya kutsogolo ili ndi mayatsidwe awiri, amene madalaivala amati fulu ndi dimu. Fulu amaunika patali, ndipo ndi wa pamsewu wopanda galimoto ina. Dimu amawerama pang'ono kuti kuwala kugwere pansi, kusafike m'maso mwa wobwera kutsogolo.

Kuseri kwa babu kuli mbale yonyezimira imene inapangidwa molingana ndi babu la mtundu umodzi. Mukaikamo babu la mtundu wina, kuwala kumachokera pamalo ena, ndipo mbaleyo imakumwaza m'mwamba ndi m'mbali. Nyali imasokonekeranso galimoto ikagundidwa, ikamayenda kawirikawiri m'misewu ya maenje, kapena pamene makaniko waichotsa ndi kuibwezera osaiyeza. Katundu wolemera kumbuyo, monga matumba a chimanga, amadzutsa mutu wa galimoto, nyali nkumaloza kumwamba.

Pali chinthu chinanso chimene ambiri sachidziwa. Ku Malawi galimoto zimayenda kumanzere kwa msewu, monganso ku Zambia, Mozambique, South Africa ndi Japan. Dimu wa maiko amenewa amakwera pang'ono mbali ya kumanzere kuti aunike oyenda m'mphepete mwa msewu. Nyali yopangidwira maiko oyenda kumanja, monga China ndi Germany, imakwera mbali ya kumanja, kumene kuno kwathu kuli maso a dalaivala wobwera kutsogolo.

Kayezedwe ka nyali

Ntchito iyi sifuna ndalama zambiri. Pamafunika khoma, malo osatsetsereka, tepi yoyezera, choko kapena khala, ndi chopotokolera masikuluwu. Ichitike madzulo mdima utayamba.

1. Popani matayala onse mokwanira, tsitsani katundu, pukutani magalasi a nyali, ndipo munthu mmodzi akhale pa mpando wa dalaivala.

2. Imikani galimoto pafupi ndi khoma, italoza khomalo molunjika. Yezani kuchokera pansi kufika pakati pa nyali, ndipo lembani mtanda pakhoma pa msinkhu womwewo, moyang'anizana ndi nyali iliyonse.

3. Bwezani galimoto m'mbuyo molunjika mpaka nyali zitatalikirana ndi khoma mamita 10, kenaka yatsani dimu.

4. Yang'anani mzere umene ukulekanitsa kuwala ndi mdima pakhoma. Pa nyali zambiri palembedwa 1%, kutanthauza kuti pa mamita 10 mzerewo ukhale masentimita 10 kunsi kwa mtanda. Malo akachepa, imani pa mamita 5, ndipo mzere utsike masentimita 5.

5. Kuseri kwa nyali zambiri kuli masikuluwu awiri, ina yokweza ndi kutsitsa, ina yopititsa kumanzere ndi kumanja. Potokolani pang'onopang'ono, nyali imodzi payokha, mnzanu ataimirira kutsogolo kwa inayo. Pamene mzere ukuyambira kukwera pakhale kunsi kwenikweni kwa mtanda.

Mukaona kuti mzere ukukwera mbali ya kumanja, nyaliyo si ya misewu yathu, ndipo sikuluwu singaikonze. Mukaona kuti palibe mzere konse, kuwala kwangomwazika khoma lonse, babulo silikugwirizana ndi mbale yake. Bwezeranimo babu la mtundu woyenera. Galimoto zina zili ndi kotembenuza kolembedwa 0, 1, 2, 3 pafupi ndi chiwongolero. Poyeza kakhale pa 0, ndipo mukanyamula katundu katembenuzeni kuti nyali ziwerame. Wanjinga yamoto ayeze nyali yake m'njira yomweyi atakhala pa chishalo, pokumbukira kuti wokwera kumbuyo amaidzutsa.

Amene sangathe kuchita izi yekha apite kwa makaniko. Ku Biwi ndi m'madera ena a mumzinda magalaja ndi ambiri. Musanalipire, pemphani kuti akuonetseni kuwala pakhoma. Nyali zili m'gulu la zinthu zimene a Road Traffic amayang'ana asanapereke chiphaso cha COF, koma musadikire tsiku limenelo. Yezani nthawi iliyonse mwasintha babu kapena nyali.

Udindo wa tonse

Madalaivala, dimani msanga mukaona galimoto, njinga kapena ngolo ikubwera. Mnzanu akakuthobwani m'maso musambwezere ndi fulu, chifukwa pamenepo osaona mwakhala awiri. Chepetsani liwiro ndi kuyang'ana m'mphepete mwa msewu kumanzere. Ngati nyali za ena zikukuvutani kuposa kale, kapimitseni maso ku chipatala, pakuti ng'ala imachizika.

Inu oyenda pansi, yendani kudzanja lamanja kwa msewu kuti muziona galimoto zobwera, ndipo valani choyera usiku. Musaganize kuti popeza nyali yakuwalirani ndiye kuti dalaivala wakuonani. Njinga yakapalasa ikhale ndi nyali kutsogolo ndi chonyezimira chofiira kumbuyo.

Makolo amene muli ndi ana oyendetsa minibasi kapena kabaza m'tauni, afunseni ngati anayezapo nyali zawo pakhoma. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kuyeza nyali kumatenga mphindi zochepa, koma fupa la ntchafu likathyoka limatenga miyezi kuti lilumikizane.