Magalasi okha sakwanira kwa mwana wachialubino

Mphunzitsi wa ku Chunga akaona mwana wachialubino akuwerenga buku litagunda pamphuno, kapena akupendeketsa mutu poyang'ana pa bolodi, kawirikawiri amangoti mwanayo ndi wa mutu wouma, apo ayi saona n'komwe. Zonsezi si zoona. Melanini, yomwe imadetsa khungu ndi tsitsi, imafunikanso pamene diso likuumbika mwana ali m'mimba. Ikasowa, kachigawo kapakati ka retina komwe kamazindikira tinthu ting'onoting'ono sikakhwima, ndipo mitsempha ina yochoka m'maso imalowera mbali yolakwika ya ubongo. Maso amagwedezeka okha uku ndi uku, ndipo kupendeketsa mutu kuja ndi njira yomwe mwana wadzipezera yowakhazikitsira pansi. Kuwala nakonso kumalowa mopyola muyeso. Kuwoloka msewu wa Lumumba masana a mu Okutobala, dzuwa likuthwanima pa maminibasi, si nkhani yamasewera kwa munthu wotere, makamaka poti kuyeza kuti galimoto yobwera ili patali bwanji kumamuvuta.

Ena amati makolo angopita naye kuchipatala cha maso ku UTH akamulembere magalasi, nkhani yatha. Apite ndithu, pakuti magalasi amathandiza, koma sangakonze retina yomwe sinakhwime, ndipo mwana amabwerako bolodi ikumuonekerabe mwachimbuuzi. Enanso amati kuli bwino apite kusukulu ya osaona akaphunzire Braille. Apa m'pamene tiyenera kusamala, chifukwa vuto limeneli nthawi zambiri silikula ndi msinkhu, ndipo ambiri amawerenga bwinobwino zilembo zikakhala zikuluzikulu. Kumuphunzitsa kuwerenga ndi zala n'kutaya maso amene ali nawo kale.

Dandaulo lomveka ndi la aphunzitsi: kalasi yadzaza thothotho, nthawi yosamalira mwana mmodzi ichokera kuti? Komatu zofunikazo zambiri sizilira ndalama. Mwanayo akhale kutsogolo, kutali ndi zenera. Aloledwe kuvala chipewa m'kalasi, ngakhale malamulo a yunifolomu akane. Mphunzitsi azitchula mokweza zimene akulemba, mayeso asindikizidwe m'zilembo zazikulu, nthawi yolembera iwonjezeredwe. Kalembera wa 2010 anapeza anthu achialubino oposa 25,000 m'Zambia, choncho si nkhani ya sukulu imodzi. Filimu ya Can You See Us?, yochokera pa moyo wa woimba John Chiti, inadzutsa anthu mu 2022 pa za tsankho. Za maso zikadali m'mbuyo, chonsecho lamulo la 2012 lokhudza anthu olumala limanena kale kuti ophunzira otere azipatsidwa thandizo loyenera kusukulu.