Magazi akapezeka ali bwino, si ndiye kuti mwalodzedwa

Mayi wina wogulitsa kachewere pamsika wa Ulongwe anandipeza ali ndi mphini zatsopano pachifuwa. Mtima unkangoyamba kumuthamanga, kubanika, manja dzanzi, iye n'kumati basi ndikufa. Anamuyeza malungo, BP ndi magazi, zonse zili bwino. Achibale atamva anangoti, "Izi n'za anthu." Mbuzi ziwiri zinathera kwa sing'anga.

Mawu akuti "n'za anthu" ndatopa nawo. Kachipangizo koyezera malungo kamafufuza malungo basi, mantha sikawaona. Vuto la mayiyu ife a zamaganizo timalitcha ataque de pânico, mantha aakulu ogwera munthu popanda choopsa chilichonse pafupi. Thupi limatulutsa adrenalini, timadzi tomwe timakupatsani liwiro mukakumana ndi njoka kumunda. Mtima umagunda msanga, munthu amapuma mwaphuma, ndipo kupuma kotereku n'kumene kumabweretsa dzanzi ndi chizungulire. Zimakula kwa mphindi ngati 10, kenako n'kuzilala. Wodwalayo sakunamizira, komanso sanapenge.

Bungwe la WHO linati mu 2019 anthu 301 miliyoni padziko lonse anali ndi matenda a nkhawa, ndipo wolandira thandizo ndi mmodzi mwa anayi alionse. Mfiti yake iti yolodza anthu onsewo? Kuno ku Angónia zoyambitsa sizisowa: ngongole ya feteleza, nkhanza za m'banja, kachasu. Akuluakulu ena amene anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu nkhondo isanathe mu 1992, mpaka lero chitseko chikamenyeka amadzidzimuka. Pemphero sindikuletsa, inenso Lamulungu ndimakhala m'tchalitchi. Chimandiwawa n'kuona munthu akudana ndi apongozi ake chifukwa cha matenda ochizika.

Mantha oterewa akayamba, khalani pansi, kokani mpweya pang'ono, muutulutse motalikitsa. Ambiri zimawathandiza, osati onse. Musaleke kupita kumsika poopa kuti zikakugwirani konko, chifukwa kubisala kumakulitsa mantha. Mankhwala alipo, monga fluoxetine, koma amatenga milungu ingapo kuti mumve kusintha, ndipo si aliyense amawafunika. Diazepam wogula pamseri musiyeni, thupi limamuzolowera. Ngati chifuwa chapweteka koyamba, kayezetseni kaye, mtima nawonso umadwala.

Kuyambira 1996 dziko lathu limaphunzitsa ma técnico de psiquiatria, ogwira ntchito ya matenda a maganizo m'maboma. Mukafika kuchipatala, funsani amenewa musanagulitse mbuzi.