Kodi mumadziwa? Mkango umabangula, munthu amamanga linga

Mkango ukamabangula usiku umakhala ukuchenjeza mikango ina kuti dera ili lili ndi mwini wake, ndipo mawuwo amamveka mpaka mtunda wa makilomita 8. Mvuu yamphongo imamwaza ndowe zake ndi mchira kuti inzake idziwe malire.

Nanga anthu? M'zaka za m'ma 1800, dera la Macanga ku Mozambique, lomwe likulu lake lero ndi Furancungo, linkalamulidwa ndi banja la Pereira, lomwe makolo ake anachokera ku Goa. Olamulira otere m'chigwa cha Zambezi ankateteza malo awo ndi asilikali a Chikunda komanso malinga. Ankazika mitengo yaiwisi mothithikana, iyo n'kuphuka, n'kukhala mpanda wamoyo wovuta kuuboola. Apwitikizi anagonjetsa Macanga mu 1902, pa nthawi ya mfumu Chinsinga ya m'banja la Pereira.