Yureniyamu: Zomwe a ku Tsangano ndi Macanga angaphunzire ku Kayelekera

TETE: Mwala wa yureniyamu, womwe maiko olemera amapangira magetsi a nyukiliya, si wachilendo m'chigawo chino cha Tete. M'zaka za m'ma 1940, atsamunda Achipwitikizi adapeza mwalawu ku Mavuzi, kumpoto chakumadzulo kwa mzinda wa Tete, ndipo adaukumba kwa zaka zingapo. M'zaka za m'ma 2000 kampani ya ku Australia yotchedwa OmegaCorp idabweranso kudzafufuza pamalo omwewo.

Tsono alimi a mbatatesi ndi tirigu ku Tsangano, komanso alimi a fodya ku Furancungo m'boma la Macanga, ayenera kudziwiratu zomwe mgodi wotere umabwera nazo. Chitsanzo chili pafupi, kwa abale athu a ku Malawi.

Mgodi wa Kayelekera uli pa mtunda wa makilomita 52 kumadzulo kwa tauni ya Karonga. Kampani ya Paladin idasainirana pangano ndi boma la Malawi mu 2007, ndipo Pulezidenti Bingu wa Mutharika adatsegulira mgodiwo mu Epulo 2009. Boma lidalandira magawo 15 pa 100 alionse a mgodiwo, koma lidavomera kuichepetsera kampaniyo misonkho. Mu 2015 bungwe la ActionAid lidati dziko la Malawi lidataya misonkho ya madola oposa 43 miliyoni kuchokera ku kampaniyo m'zaka 6.

Ntchito yake imayenda motere: miyala ikakumbidwa imaperedwa, kenaka imasungunulidwa ndi asidi mpaka patuluke ufa umene amaugulitsa kunja. Pa tani imodzi ya miyala ya ku Kayelekera, ufawo sufika makilogalamu awiri. Zotsala zonse ndi matope omwe amasungidwa m'damu pomwepo. Matopewa amakhala ndi poizoni wosaoneka ndi maso kwa zaka zikwizikwi, ndipo amatulutsa mpweya wa radon umene umayambitsa khansa ya m'mapapo. Apa ndiye pagona nkhawa, pakuti mtsinje wa Sere umene uli pafupi ndi mgodiwo umathira mu North Rukuru, nayenso North Rukuru amathira m'Nyanja ya Malawi. Mu Januwale 2015 mvula yamkuntho idaononga thanki ina yosungira madzi a pamgodi, madzi ena nkutayika.

Nayo ntchito sidakhalitse. Ngozi ya ku Fukushima m'dziko la Japan mu Malichi 2011 idagwetsa mtengo wa yureniyamu, ndipo mu 2014 Paladin idaimitsa kukumba, anthu mazanamazana nkuchotsedwa ntchito. Kampani ya Lotus Resources idagula mgodiwo mu 2020 ndi kuyambiranso ntchito mu 2025.

Kuno kwathu, anthu sadaiwale za ku Cateme. M'zaka za 2009 ndi 2010 kampani ya Vale idasamutsira kumeneko mabanja oposa 700 ochokera ku Moatize kuti ikumbe malasha. Mu Januwale 2012 anthuwo adatseka njanji podandaula za nyumba zong'aluka, minda yosabereka ndi kusowa kwa madzi.

Lamulo la Malo la 1997 lidavomereza kuti munda umene banja lidaupeza mwa mwambo wa makolo uli ndi chitetezo ngakhale popanda chikalata, ndiponso kuti anthu a m'mudzi azifunsidwa malo asanaperekedwe kwa wina. Choncho ofufuza miyala akafika, mafumu ndi anyakwawa aitanitse msonkhano wa mudzi wonse, amayi ndi achinyamata omwe, ndi kufunsa poyera. Kodi madzi otsukira miyala adzatunga mumtsinje uti? Matope adzasungidwa kuti, ndipo adzawayang'anira ndani kampani ikadzachoka? Nanga wosamutsidwa adzalandira munda waukulu bwanji, wachonde kapena wamiyala?

Chinanso n'chakuti madzi a m'zitsime ndi m'mitsinje ayezedwe ntchito isanayambe, zotsatira zake zilembedwe ndipo mudzi usunge pepala lake. Popanda pepala limeneli, n'kovuta kudzatsimikiza mawa kuti madzi adaonongeka ndi mgodi. Mayankho onse a kampani alembedwenso, ndipo mfumu isadinde chala pa chikalata chimene anthu ake sadachimve m'chinenero chawo.