Kuthamangitsa Kompyuta Osaipsereza

Overclocking ndi kukakamiza purosesa kuti ithamange kuposa liwiro limene inaikidwa kufakitale. Akatswiri amapikisana pa HWBOT, ndipo mu Disembala 2022 ena anadutsa 9 GHz ndi Intel Core i9-13900K, akuiziziritsa ndi liquid helium.

Kuno ku Kasungu zoziziritsira zoterozo tilibe, choncho mdani wathu wamkulu ndi kutentha. Tiyambe tachotsa fumbi pa fani, tiyese makinawo ndi Cinebench, tilembe mapointi. Kenako mu BIOS tiwonjezere 100 MHz yokha n'kuyesanso, monga mlimi amasonkhezera moto m'balani ya fodya, pang'onopang'ono. Purosesa ikayandikira madigiri 90, tibweze liwiro. Nyengo yake ndi Juni, osati Okutobala.

Malaputopu ambiri salola zimenezi. Makompyuta a pakoleji nawo tisawayesere dala: purosesa ikapsa motere, waranti sigwira ntchito.