MIZINDA YOZINGIDWA: MABUKU A NKHONDO ZA MTSOGOLO NDI ANA ATHU

Kholo lirilonse limakondwera likapeza mwana wake atakhala cete ndi buku m'manja. Koma tiyerekeze kuti mwasuzumira pa cikuto ca bukulo ndipo mwaona cimsilikali covala zitsulo thupi lonse, cizindikiro ca mtanda ciri paphewa, mfuti yomangidwa ndi unyolo kudzanja, zigaza za anthu ziri mbwee pansi pa mapazi ace. Mukatsegula mkati mupeza maina amene mumawadziwa bwino: akadinala, masisitere, anthu oyera, mapemphero ndi lubani. Kodi limeneli ndi buku la cipembedzo, kapena ndi buku lonyoza cipembedzo? Funsoli ndi loyenera, ndipo silingayankhidwe ndi munthu amene sanadziwe za mkati mwa mabukuwa.

Nthano zimenezi zimachedwa Warhammer 40,000. Zinayamba mu 1987 monga masewera a tizidole ta asilikali amene anakonzedwa ndi Rick Priestley ku kampani ya Games Workshop, imene likulu lace liri ku Nottingham, m'dziko la England. Mu 1997 kampaniyo inatsegula nthambi yosindikiza mabuku yochedwa Black Library, ndipo kuyambira pamenepo mabuku mazanamazana atuluka. Nkhani zace zimacitika zaka pafupifupi 38,000 kutsogolo kwathu. Mtundu wa anthu wafalikira pakati pa nyenyezi, koma ulibe mtendere ngakhale tsiku limodzi. Wolamulira wao ndi Mfumu imene inavulazidwa koopsa zaka 10,000 zapitazo. Siyankhula, siyenda, ingokhala pa mpando wagolide wamakina, ndipo kuti isafe, anthu 1,000 amaperekedwa nsembe tsiku ndi tsiku. Anthu amaipembedza ngati mulungu.

Mwa mabuku onsewa, amene amakondedwa kwambiri ndi onena za kuzinga mizinda. Ife a kuno mau akuti linga si acilendo kwa ife, pakuti makolo athu anamanga malinga m'nthawi ya nkhondo za Angoni, ndipo ankadziwa kuti munthu wa mkati mwa linga ali ndi adani awiri: wa mkondo panja, ndi njala mkati.

Buku la Storm of Iron, lolembedwa ndi Graham McNeill mu 2002, limasimba za linga la pa dziko louma lochedwa Hydra Cordatus, limene linazingidwa ndi gulu la oukira lochedwa Iron Warriors. Mlembi anafotokoza mwaluso m'mene nchito yotere imayendera. Ozinga sathamangira khoma ai. Amayamba akumba ngalande yaitali yopingasa patali pamene mizinga ya m'linga siwapweteka kwambiri; kucokera m'menemo amakumba tingalande tokhotakhota tolunjika ku khoma, kuti cipolopolo cisayende mowongoka ndi kupha onse okumba; kenaka amakumba ngalande yaciwiri ndi yacitatu, akusendeza mizinga yao pang'onopang'ono mpaka khoma litang'ambika. Njira imeneyi si yopeka. Anaikonza ndi katswiri wa ku France, Sébastien Le Prestre de Vauban, amene anaigwiritsa nchito pozinga mzinda wa Maastricht mu 1673, ndipo pomukumbukira McNeill anapatsa mkulu wa linga la m'buku lace dzina lakuti Prestre Vauban. Koma cimene cimabaya mtima m'bukuli si mizinga. Asilikali oteteza linga ankapatsidwa mapiritsi tsiku liri lonse, atauzidwa kuti adzawateteza ku mpweya woipa wa dzikolo. Zoona zace, mapiritsiwo ndiwo ankawapha pang'onopang'ono, kuti pasapezeke wobwerera kwao kukaulula cinsinsi cimene cinabisidwa pansi pa lingalo. Pamapeto pace linga likugwa, oipa akupambana. Wowerenga amatsala ndi funso lowawa: nanga anthu amenewa anafera ndani?

Buku lina, limene ine ndimaliona kuti liposa anzace, ndi Helsreach la Aaron Dembski-Bowden, la mu 2010. Mwini nkhani ndi Grimaldus, msilikali amene alinso ngati wansembe wa gulu la Black Templars. Akulu ace anamusiya ndi ankhondo 100 okha kuti ateteze mzinda waukulu wa padoko pa dziko la Armageddon, pamene zilombo zankhondo zosawerengeka zinali kubwera. Iye anadandaula, pakuti anaona ngati watayidwa kuti akafe imfa yopanda ulemu, ndipo anthu wamba a mumzindamo ankawayesa cabe. Masiku akupita, misewu ikugwa umodziumodzi, anayamba kuona anthu onyamula katundu padoko, amene sanagwirepo mfuti, akuima nji kuteteza mabanja ao. Nkhondo yomaliza inacitikira m'kacisi wamkulu wa mzindawo, m'mene munabisala othawa nkhondo, kufikira denga linawagwera. Grimaldus anatuluka m'zigumukirezo wamoyo, atanyamula zotsala zopatulika za m'kacisimo. Sanasanduke munthu wofatsa, koma kudzikuza kwace kunasweka ndithu.

Dan Abnett naye analemba Necropolis mu 2000, za mzinda wa Vervunhive. M'menemo akuluakulu olemera akukanganirana maudindo pamene makoma ali kugwa, koma mtsikana wina wa m'magulu a mbava za mumsewu, Tona Criid, akutola ana awiri amene mai ao anafa ndi bomba, nawalera ngati ace. Ndipo pali mndandanda waukulu wa Siege of Terra, umene unayamba mu 2019 ndi kutha mu 2024, wosimba za Horus, mwana wokondedwa wa Mfumu ija, amene anagwa cifukwa ca kunyada nabwera kudzazinga nyumba ya atate ace pa dziko lathu lino. Mkristu ali yense adzazindikira kumene alembi anabwereka nkhani ya wokondedwa wopanduka.

Tsopano tibwere pa cimene cimadetsa nkhawa makolo acikatolika. Sitingakane kuti alembi a mabukuwa anatenga zambiri m'nyumba mwathu. Cipembedzo ca m'nthanozi ciri ndi akadinala, ansembe oulula macimo, masisitere onyamula mfuti, bwalo lofufuza ndi kuocha ampatuko, nyumba zopemphereramo zomangidwa monga makatedralo akale a ku Ulaya, ndi cinenero cofanana ndi Cilatini. Anatenga covala, koma mwini covala anamusiya. Mulungu wathu anadzipereka yekha pa mtanda kuti anthu akhale ndi moyo. Mfumu ya m'mabukuwa imadya miyoyo ya anthu kuti iyo isafe. Ife timaphunzitsidwa kukonda adani. Kumeneko cidani cimawerengedwa ngati ukoma, ndipo cifundo ngati kufooka. Codabwitsa n'cakuti Mfumuyo isanavulale inali yodana ndi cipembedzo ciri conse. M'kankhani kakafupi kochedwa The Last Church, ka mu 2009, McNeill akuionetsa ikutsutsana usiku wonse ndi wansembe wokalamba wa chalichi cotsiriza pa dziko lapansi, isanacitenthe. Wansembeyo anakana kuitsata, nasankha kubwerera m'chalichi cace coyaka moto.

Eni ace a nthanozi amanena okha kuti ufumu umenewu si citsanzo coti munthu atengere. Mu November 2021, munthu wina atafika pa mpikisano wa masewerawa ku Spain atavala zizindikiro za cipani ca Nazi, kampani ya Games Workshop inalengeza poyera kuti ufumu wa m'nthanozo ndi cenjezo ndi citonzo ca ulamuliro wankhanza, ndi kuti anthu a cidani safunika pakati pao. Mau abwino ndithu. Komabe tisadzinamize: pamene buku likutamanda kulimba mtima kwa msilikali pa masamba 400, mwana wa zaka 12 saona citonzo ciri conse. Iye amaona ngwazi yonyamula mtanda ndi lupanga, basi. Ngozi yeniyeni iri pamenepo, osati pa mizimu yoipa yojambulidwa pa cikuto.

Malembo Oyera nawo sabisa za mizinda yozingidwa, ndipo amanena mosapsatira kuposa nthano izi. Pa 2 Mafumu 6 timawerenga za Samariya, pamene mutu wa bulu unagulidwa ndi masekeli 80 a siliva, ndipo amai awiri anapangana za kudya ana ao. M'buku la Yuditi, adani analanda akasupe a Betuliya kwa masiku 34, mpaka ana anakomoka ndi ludzu ndipo akulu anapatsa Mulungu masiku asanu okha kuti awapulumutse. Mbiri ya masiku athu siisiyana. Leningrad anazingidwa masiku 872, kuyambira 1941 mpaka 1944, ndipo anthu oposa 600,000 anafa ndi njala. Sarajevo anazingidwa masiku 1,425, kuyambira 1992 mpaka 1996. Muno mu Africa, mzinda wa El Fasher ku Sudan unazingidwa pafupifupi miyezi 18 usanagwe mu October 2025. N'cifukwa cace Katekisimu wa Eklezia Katolika, pa nambala 2314, potsata Msonkhano Waciwiri wa ku Vatican, amaphunzitsa kuti kuononga mizinda yathunthu pamodzi ndi anthu ace, mosasankha, ndi mlandu wocimwira Mulungu ndi munthu yemwe. M'nthano za Warhammer, kuocha dziko lonse lathunthu ndi lamulo limene mkulu mmodzi angasaine asanadye cakudya ca madzulo.

Nanga ticite ciani? Kulanda buku ndi kuliponya pamoto sikuthandiza, pakuti mwana adzalipeza pa foni, ndipo adzaleka kukuuzani zimene akuwerenga. Maganizo anga ndi akuti mabukuwa sayenera ana a ku pulaimale, cifukwa magazi ndi nkhanza zace n'zocuruka. Wacinyamata wa ku sekondale angathe kuwerenga Helsreach kapena Necropolis napindula, ngakhale pa Cingerezi cace comwe, makamaka ngati pali wamkulu womufunsa kuti m'nkhaniyo anamumvera cisoni ndani, ndi kuti Tona Criid ndi Grimaldus wamkulu ndani. Storm of Iron ndingalisungire amene afika giredi 12, pakuti muli ndime za akapolo okankhidwira kutsogolo kwa mizinga zimene ngakhale ine wamkulu zinandisowetsa tulo.