Lamba Wolira pa Chipembere: Gawo 5

Mwabweranso eti? Ndinadziwa kuti simungapirire. Sabata yonseyi ena mwa inu mwakhala mukundikodola pa Mibawa, ena kunditumizira mauthenga pakati pa usiku, funso lake limodzimodzi: kodi Benz ya alamu anu ija yasiya kulira?

Sinasiye.

Yawonjeza.

Mukukumbukira pamene tinalekezera. Pule yaing'ono ija, imene alamu anga anaitanitsa ku Johannesburg n'kubwera pa basi kudzera ku Tete ndi Mwanza, inali itamangidwa kale pamphuno pa supercharger. C200 Kompressor yawoyi, ya mtundu wa W203 umene Mercedes-Benz inkapanga kuyambira 2000 mpaka 2007, inatuluka ku fakitale ndi mahosipawa 163. Alamu ati 163 ndi ya anthu opita kumsika kukagula matemba. Iwo akufuna yoposa pamenepo.

Lamlungu m'mamawa, misewu isanadzaze, tinaikweza pa Masauko Chipembere Highway. Ndinaumirira kuti tiyesere mu giya yachiwiri, chifukwa mmenemo injini imakuwa mokwanira galimoto isanathamange mopyola muyezo, ndipo msewu umenewu ndi wa tonse, a kabaza ndi opita kutchalitchi omwe. Pa Ginnery Corner zonse zinali bwino, kasingano ka boost gauge kakukwera, alamu mano onse pamtunda. Titadutsa Chichiri, msewu utayamba kukwera kulowera ku Limbe, anaponda moto.

Kwiiiiii!

Kasingano kanafika pamwamba, kananjenjemera, kenako kanayamba kubwerera pansi injini ili chikuwire. Galimoto inafooka pamene imayenera kulumpha.

Pofika Lolemba, nkhani inali itathamanga kuposa galimoto yomwe. Kubawo ku Zingwangwa ati supercharger yafa, alamu angogulitsa galimotoyo kwa ophwasula. Kometera tsitsi ku Kanjedza ati wina anaitchera mankhwala pa geti chifukwa cha kaduka. Koma mphekesera imene inandiwawa ndi ya ku Bangwe, yoti achemwali anga ndiwo anathira mafuta ophikira pa lamba, pokwiya kuti ndalama za fizi zathera pa pule. Limenelo ndi bodza. Fizi inalipidwa kalekale, lisiti ndinaliona ndi maso angawa.

Alamu, posafuna kuchedwa, anabwerera kwa makaniko wa ku Limbe uja amene anamanga pule, dzina lake ndisunga. Mnyamatayo anapopera lamba mankhwala a m'chitini, n'kupakanso sopo pang'ono. Lamba anakhala chete. Alamu anandiimbira foni akuseka. Sipanapite nthawi, kulira kunabwerera, tsopano kukuyamba msanga kuposa kale.

Ndi pamene anavomera kupita ku Ndirande.

Kumeneko kuli galaja ya madala aja mukuwadziwa, amene m'gawo lachiwiri anatulukira vuto la thermostat pongogwira payipi ndi dzanja. Anali atangobwera kumene kumaliro ku Thyolo, n'chifukwa chake pule inamangidwa iwo kulibe. Atationa tikulowa sanafunse kanthu.

"Tsegula boneti, iwe," anauza mnyamata wawo wa sipanala.

Injini sanailize n'komwe. Anangopisa chala kuseri kwa pule, n'kuchitulutsa chili bii.

"Bwana, mukuchiona ichi?"

"Fumbi la Ndirande limenelo, madala."

"Fumbi la Ndirande ndi lofiira. Lakudali ndi lamba wanu. Akudyeka."

Alamu kukamwa yasa.

Apa ndiloleni ndichedwepo, pakuti zimene madala anafotokoza zingapulumutse thumba la wina mwa inu. Turbo imazunguzidwa ndi utsi wotuluka mu injini. Supercharger imazunguzidwa ndi lamba wochokera pa pule ya crankshaft, ndipo kuti ikankhe mpweya wolowa mu injini imadya mphamvu yambiri, kuposa alternator kutalitali. Mphamvu yonseyo ilibe kwina kodutsira koma pamalo pamene lamba wakhudzana ndi pule. Madala anatola msomali n'kujambula pansi. Tiyerekeze, anatero, pule yapansi ndi ya mamilimita 150, ya supercharger ndi ya 75. Injini ikazungulira ka 6,000 pa mphindi, supercharger izungulira ka 12,000. Chotsani ya 75 muike ya 65, ifika pafupifupi ka 13,800. Mpweya wachuluka, inde. Koma ntchito yakula pamene malo ogwirapo lamba achepa.

"Mpini wa khasu mukaugwira ndi dzanja lonse mulima mpaka dzuwa litapendeka," anatero. "Ugwireni ndi zala ziwiri, muone ngati mumaliza mzere."

Ndipo si zokhazo. Pule ikachepa, lamba wakale uja amasanduka wamtali. Tensioner, kachitsulo ka sipuling'i kamene kamakoka lamba, kamatambasuka mpaka kufika kumapeto kwa ulendo wake, kukoka kwake n'kufooka. Injini ili pansi simumva kanthu. Ikakwera, supercharger ikalemera, lamba amaterereka pamwamba pa pule, amatentha, amasalala mpaka kunyezimira, ndipo lamba wosalala amaterereka koposa. Kasingano kogwa pamwamba kaja ndiko mboni yake yoyamba. Fumbi lakuda ndi yachiwiri.

"Nanga mankhwala aja tinapopera?"

Madala anapukusa mutu. Malamba a masiku ano, opangidwa ndi labala wa EPDM, safuna zopopera. Zimatseka pakamwa pa lamba, vuto lili pomwepo, kenako zimakoka fumbi n'kulimata m'mizere. Za sopo sanafune n'kuyankha komwe.

"Ndiye timukoke zolimba, madala. Tiike lamba wamfupi kwambiri, athine."

"Mukatero mudzandibweretsera mabering'i atatu m'thumba la pulasitiki. La pamphuno pa supercharger, la alternator, la water pump. Ndipo lamba wokokedwa mopyola akaduka mukukwera Thabwa kuchokera ku Chikwawa, madzi asiya kuzungulira, batire isiya kutchaja, chiwongolero chiuma. Mudzaima pakona ndi ana m'galimoto."

Pamenepa ine ndili mbali ya madala, ndipo sindibisa. Anthu ambiri akamva lamba akulira amathamangira kukoka. Mankhwala enieni ndi kumupatsa lamba malo okwanira ogwira, ndi kumukoka mwa muyezo. Vutoli si la alamu okha. Eni Mini Cooper S ya 2002 mpaka 2006, imene ili ndi supercharger ya Eaton M45, amakonda kuika pule yochepa ndi 15 peresenti, ndipo odziwa amasinthiratu lamba tsiku lomwelo n'kuika wamfupiko. Ena, makamaka a ma Benz, amasiya pule ya supercharger mmene ilili n'kukulitsa ya crankshaft. Liwiro la supercharger limakwera chimodzimodzi, koma lamba sapindidwa pa kapule kakang'onong'ono. Alamu akanandifunsa asanatumize ndalama, ndikanawalozera kumeneko. Ndipo inu a Nissan Note ya DIG-S, musayese nkhaniyi ndi ya anthu a ma Benz okha. Pansi pa boneti yanu palinso supercharger yoyendera lamba, ndiye chala chanu chizipita kuseri kwa pule nthawi ndi nthawi.

Madala anawonjezanso chimodzi chimene alamu sanachikonde. Supercharger ya mtundu uwu, umene umatchedwa Roots potengera abale awiri a ku Indiana amene anaulembetsa mu 1860 kuti uzipemerera ng'anjo zosungunulira chitsulo, ikazungulira mopitirira imatenthetsa mpweya. Mpweya wotentha m'dzuwa la Okutobala umachititsa injini kugogoda, ndipo kompyuta ya galimoto ikamva kugogodako imabweza mphamvu yokha. Mukhoza kugonjetsa lamba n'kugonja kwa kutentha.

Ntchito inayamba. Mnyamata wa sipanala anachotsa lamba wakale, madala n'kuwerenga zolembedwa pamsana pake. Kwa amene simunayang'anepo: lamba akalembedwa 6PK1200, ndiye kuti ali ndi mizere 6 ndipo kutalika kwake ndi mamilimita 1,200. Anayeza njira yatsopano ndi chingwe, n'kutituma ku mashopu a masipeya ku Limbe kukafuna wa mizere yofanana koma wamfupiko pang'ono, wa kampani yodziwika ngati Gates, Continental kapena Bando. Tensioner anaigwedeza ndi dzanja, anaimva ikukhuluzika, anati isinthidwe. Anatsuka mapule onse mpaka sopo ndi zomata zija zitatheratu, anayang'ana ngati pali oyilo wodontha kuchokera pa seal ya kutsogolo, sanapeze. Kenako anagoneka rula yachitsulo pa mapule kuti aone ngati ali pamzere umodzi, pakuti pule yopotoka ngakhale pang'ono imadya lamba m'mbali. Pomaliza anapangitsa kachitsulo kogwirira idler, kapule kopanda ntchito ina koma kukankha lamba kuti akumbatire pule ya supercharger mokulirapo.

Madzulo tinaiyesanso, ulendo uno madala ali kumpando wakutsogolo.

Kulira kunachepa. Kasingano kanakwera n'kukhala pamwamba nthawi yotalikirapo. Alamu anayamba kale kuwerengera anthu oti akawaonetse.

"Tibwerere," anatero madala.

"Bwanji? Yachira iyi!"

"Ndati tibwerere, bwana."

Titafika anapisanso chala. Chinatuluka chili bii. Lamba watsopano, wogulidwa tsiku lomwelo, mizere yake iwiri inali itayamba kale kunyotsoka.

Panali zii. Ngakhale wailesi ya kwa wowotcherera zitsulo wa pafupi inamveka ngati yatsitsidwa.

Madala anaitanitsa tochi ndi vernier. Anachotsa lamba okha, osatuma mnyamata. Anayendetsa chikhadabo m'mizere ya pule, pang'onopang'ono, kubwereza. Anayeza. Anapukuta magalasi awo n'kuyezanso. Mizere ya lamba wa PK imatalikirana ndi mamilimita 3.56, ndipo pule yoona imasemedwa ndendende kuti mzere uliwonse ukhale m'ngalande yake. Ngalande za pule iyi zina zinali zakuya, zina zosaya, zina zothinana. Lamba ankangoyenda pamwamba pa nsonga.

"Bwana, pule iyi munati yachokera kuti?"

"Ku Joni, madala. Ndalama ndinatumiza ndekha."

"Chithunzi chake muli nacho?"

Alamu anatulutsa foni. Wogulitsa uja anali atawatumizira chithunzi asanapakire: pule yakuda, yosalala, manambala ozokotedwa kutsogolo kwake. Madala anayang'ana chithunzi, anayang'ana pule. Anakanda ndi msomali uja. Utoto wakuda unasendeka, pansi pake n'kuonekera chitsulo choyera chokhala ndi timikwasa ta lathe.

Manambala panalibe.

"Iyi Johannesburg sinaionepo," anatero madala. "Yasemedwa konkuno, ndipo wosemayo anali pachangu."

Abale anga, mtima wanga unagunda. Ngati yomangidwayi ndi yonama, yeniyeni ija ili kuti? Tinayamba kuwerenga manja amene kabokosi ka puleyo kanadutsamo. Woyamba ndi wa pa basi, amene anakanyamula kuchokera ku Johannesburg. Wachiwiri ndi mng'ono wawo wa alamu, amene anakakatenga ku Wenela n'kugona nako kunyumba kwake ku Chilomoni chifukwa kunali kutada. Wachitatu ndi makaniko wa ku Limbe uja, amene anauza alamu kuti apite akamwe tiyi, akadzabwera apeza zatha.

"Ndi wa ku Limbe ameneyo," anatero alamu, makiyi ali kale m'manja.

"Musafulumire," anatero madala. "Pule ija singalowe pa galimoto iliyonse. Woitenga ali ndi Kompressor yonga yanuyi, kapena akudziwa amene ali nayo. Kodi mumzinda muno zilimo zingati zimene eni ake amakonda kuponda moto?"

Ine ndinaona chinthu chimene alamu sanachione. Madala akulankhula, mnyamata wa sipanala uja anali akubwerera chammbuyo, phazi limodzi, kenako lina, maso ali kugeti.

"Iwe, ukupita kuti?"

"Ku... kukagula mayunitsi, madala."

"Foni yako ili pa benchi apo."

Asanayankhe, tonse tinamva. Kuchokera chakumunsi, mbali ya ku Makata, kunabwera kulira kwa injini. Amene munamvapo supercharger yathanzi mukukudziwa kulira kumeneku, kopyapyala, kokwera bwinobwino popanda kudukiza. Panalibe kwiii. Panalibe kufooka pamwamba. Madala anapendeketsa mutu, n'kutseka maso kuti amve bwino.

"Imeneyo," anatero, "ili ndi pule yaing'ono. Ndipo yake ndi yoona."

Galimoto inakhota pakona, inadutsa ogulitsa chimanga chowotcha, n'kuima ndendende pa geti ya galaja. C200 Kompressor. Yasiliva. Magalasi akuda.

Sipanala inagwa m'manja mwa mnyamata uja.

Chitseko chinatseguka. Choyamba kutuluka chinali dzanja, ndipo m'dzanjamo munali kabokosi kaja, tepi ya ku Johannesburg ikadali pomwepo. Kenako mwini dzanja anaimirira. Madala anavula chipewa. Alamu anga, munthu wosasowa chonena chibadwire, anangotulutsa liwu limodzi:

"Inu?"

Sanali wa pa basi. Sanali mng'ono wawo. Sanalinso wa ku Limbe uja.

Mukufuna ndikuuzeni? Ena mwa inu munamuona kale munthu ameneyu, m'gawo loyamba, ndipo munamudutsa osamuyang'ana kawiri. Kafufuzeni gawo limenelo pamene munaliika. Mukandipeza pa Mibawa musavutike kundigulira Fanta, pakamwa panga ndatseka mpaka sabata yamawa.